Kuchokera pa jeti ya mkuwa kufika pa laputopu: mbiri ya anthu ofinya mphamvu mu injini zopanda turbo

Injini ya petulo imadya mpweya wambiri kuposa mafuta. Kuti kilogalamu imodzi ya petulo ipse yonse osatsala kanthu, pamafunika makilogalamu 14.7 a mpweya, ndipo tikawerengera m'malita, lita imodzi ya petulo imapsa ndi mpweya wokwana malita pafupifupi 9,000. Kuwonjezera mafuta sikuvuta: munthu angokuza bowo kapena kuika pampu yamphamvu, basi. Chovuta ndi mpweya, makamaka pa injini yopanda turbo kapena chipangizo china choukankhira m'kati. Injini yotereyi imangodalira kuti pisitoni ikamatsika, mpweya wa kunja ulowe wokha, ndipo injiniyo ikamazungulira ka 6,000 pa miniti, valavu yolowetsa mpweya imakhala yotsekula kwa nthawi yosakwana gawo limodzi mwa magawo 100 a sekondi. Umene walowa pa kanthawi kameneko ndi womwewo, palibenso wina.

Kwa zaka zoposa 100 pakhala anthu, ena m'mafakitale koma ambiri m'tigalaja ta kuseri kwa nyumba, amene ntchito yawo kapena chilakolako chawo ndi kukakamiza injini zotere kuti zipume kwambiri kuposa mmene anazipangira. Amapala mutu wa injini kuti mpweya upanikizike kwambiri, amakuza ndi kusalaza njira za mpweya, amaika camshaft yotsekula mavalavu nthawi yotalikirapo, amasula ekizozi ina. Koma akatha zonsezi, funso limakhala lomwe lija: mpweya wawonjezekawu, mafuta ake oyenera aufika bwanji, pa nthawi yake, pa liwiro lililonse? Mbiri yonse ya luso limeneli ndi mbiri ya mayankho a funso limodzili.

Yankho loyamba lokhalitsa linabwera mu 1893, pamene Wilhelm Maybach ku Germany, komanso Donát Bánki ndi János Csonka ku Hungary, anapanga kabuleta yopopera petulo kudzera pa kabowo. Kagwiridwe kake ka ntchito n'kosavuta kumva. Mpweya ukamapita ku injini umadutsa pakhosi lothina. Pothinapo umathamanga kwambiri, ndipo ukathamanga umakoka petulo kuchokera m'kambale kamene kali pambali, kudzera m'kabowo ka mkuwa koyezedwa bwino kotchedwa jeti. M'kambalemo muli choyandama chimene chimatseka mafuta akafika pamlingo wake. Palibe magetsi, palibe kompyuta. Mpweya womwewo ndi umene umadziitanira mafuta ake. Koma nzeru yokongolayi inabadwa ndi chilema. Khosi likakhala laling'ono, injini imayenda bwino pa liwiro lotsika koma imabanika ikafuna kuthamanga. Likakhala lalikulu, imapuma bwino pamwamba, koma pansi mpweya umadutsa mwaulesi, sukoka mafuta mokwanira, ndipo galimoto imatsokomola dalaivala akaponda moto. Aliyense amene anadza pambuyo pa Maybach ankalimbana ndi mkangano umenewu.

Munthu amene analimbana nawo mwaluso kuposa onse anali Edoardo Weber, wobadwira ku Turin mu 1889. Atagwirako ntchito ku Fiat, anatsekula fakitale yake ya makabuleta ku Bologna mu 1923, ndipo malonda ake oyamba anali zida zowonjezera mphamvu pa Fiat 501. Tinganene kuti kampani yake inayamba ngati ya anthu osintha magalimoto, osati ya opanga magalimoto. Maganizo ake oyamba anali oika makosi awiri osiyana kukula m'kabuleta imodzi, laling'ono la kuyenda wamba, lalikulu lotsekuka munthu akafuna liwiro. Kenaka anapita patsogolo n'kupanga makabuleta a makosi awiri ofanana, khosi lililonse kudyetsa silinda yakeyake, ndipo m'zaka za m'ma 1930 magalimoto ampikisano a Alfa Romeo ndi Maserati ankathamanga ndi zipangizo zake. Mwini wakeyo sanaone kutchuka kwenikweni kwa dzina lake. Mu Meyi 1945, nkhondo itangotha, anthu ena anamutenga ku Bologna ndipo sanaonekenso. Mtembo wake sunapezeke. Fiat inatenga kampaniyo mu 1952, ndipo m'zaka zotsatira ndi mmene munatuluka Weber DCOE, kabuleta yogona cham'mbali imene mpaka lero anthu amaigula yatsopano. Ntchito yoipanga inachoka ku Bologna mu 1992 n'kupita ku Spain.

Chimene chinachititsa kuti DCOE ikhale ya amisiri n'chakuti pafupifupi chilichonse m'kati mwake chimamasuka ndi kusinthika. Nambala ya 40 kapena 45 imene imalembedwa pa dzina lake ndi kukula kwa bowo m'mamilimita, koma m'kati mwa bowolo mumalowa khosi lina lothina limene mmisiri amasankha yekha, kaya la mamilimita 30, 32 kapena 36. Pali jeti yaikulu, jeti ya pamene injini ikungolira galimoto itaima, jeti ya mpweya yochepetsa mafuta pa liwiro lapamwamba, kachubu ka mabowomabowo kosakaniza petulo ndi mpweya asanatuluke, ndiponso kapampu kolavula petulo pang'ono dalaivala akaponda moto mwadzidzidzi. Chilichonse mwa izi chili ndi manambala ake, ndipo kusintha chimodzi kumasokoneza chinzake. Mmisiri wa masiku amenewo ankayenda ndi kabokosi ka majeti. Ankathamangitsa galimoto pa msewu wowongoka, kuzimitsa injini ili pa liwiro lomwelo, kuima m'mbali mwa msewu n'kumasula mapulagi akali otentha. Pulagi yakuda ndi mwaye inkatanthauza kuti mafuta achuluka. Yoyera mbuu inkatanthauza kuti achepa ndipo pisitoni ili pangozi. Yofiirira pang'ono ndiyo inali yofunika. Pofuna kuti makosi onse akoke mpweya mofanana, ena ankaika kapaipi ka labala kukhutu n'kumamvetsera kulira kwa khosi lililonse. Zinali ngati kuphika nsima popanda muyezo: dzanja ndi diso ndi zimene zinkadziwa kuti ufa wakwana.

N'chifukwa chiyani anthu ankavutikira khosi limodzi pa silinda iliyonse, pomwe kabuleta imodzi ikhoza kudyetsa injini yonse? Nkhani yagona pa camshaft. Camshaft yampikisano imasiya valavu yolowetsa ndi yotulutsa zili zotsekula limodzi kwa kanthawi, kuti utsi wotuluka uthandize kukoka mpweya watsopano. Pa liwiro lapamwamba zimenezi zimapindulitsa kwambiri, koma pa liwiro lotsika mpweya umabwerera m'mbuyo, ndipo ngati masilinda onse akudyera pa mphika umodzi, ina imalanda za inzake ndipo injini imagwedera. Silinda iliyonse ikakhala ndi khosi lake, chisokonezochi chimachepa. Panalinso phindu lina limene amisiri analizindikira pang'onopang'ono: mpweya wa m'paipi umagunda valavu yotseka n'kubwerera ngati funde, ndipo paipi ikakhala ya utali woyenera, fundelo limafikanso pa valavu nthawi yomwe ili yotsekula, n'kukankhiramo mpweya wowonjezera. Paipi yaitali imathandiza pa liwiro lotsika, yaifupi pa liwiro lapamwamba. Timalipenga tonyezimira timene timaoneka pakamwa pa makabuleta ampikisano si zokongoletsa, ndi muyezo. Chrysler inaonetsa zimenezi mokokomeza mu 1960, pamene inaika mapaipi otalika masentimita 76 odutsana pamwamba pa injini yake ya V8.

Weber sanali yekha. Dell'Orto ku Italy komweko, Solex ku France ndi SU ku Britain anali ndi otsatira awo, ndipo Mini Cooper S inapambana mpikisano wa Monte Carlo mu 1964, 1965 ndi 1967 ili ndi ma SU awiri. Ku Japan kampani ya Mikuni inkapanga ma Solex ogona cham'mbali, amene anaikidwa atatu pa Nissan Skyline GT-R ya 1969.

Ku America nkhani inayenda njira ina, chifukwa kumeneko injini zinali zazikulu ndipo petulo anali wotsika mtengo. Ford itatulutsa V8 yake mu 1932, anyamata a ku California anayamba kugula magalimoto akutha, kuchotsa chilichonse cholemera n'kukathamangitsana pa nyanja zouma za m'chipululu cha Mojave. Mmodzi wa iwo, makaniko wina wa ku Los Angeles dzina lake Vic Edelbrock, anapanga chitsulo chokhazikapo makabuleta awiri a Stromberg 97 m'malo mwa imodzi, n'kuchitcha Slingshot. Chakumapeto kwa 1941 galimoto yake inathamanga mamailosi 121 pa ola pa nyanja youma ya Rosamond, amene ndi makilomita pafupifupi 195, ndipo anthu anayamba kufola kuti awapangire chitsulo chomwecho. Kampani ya dzina lake ilipobe. Pambuyo pake kabuleta ya makosi anayi ya Holley 4150, imene inatuluka mu 1957, inakhala ya aliyense wofuna kukuza V8. Nayonso inabweretsa matenda amene sanathe mpaka lero, ogula kabuleta yaikulu kuposa mapapo a injini. V8 ya malita 5.7 yozungulira ka 6,000 pa miniti singameze mpweya woposa pafupifupi 600 cfm (muyezo wa mpweya wodutsa pa miniti), koma anthu ankagula ya 850 poganiza kuti nambala yaikulu ndiyo mphamvu, kenaka n'kumadabwa kuti galimoto ikuchedwa kudzuka pa roboti.

Chilema china cha kabuleta chinaonekera poyera pa nkhondo ya m'mlengalenga ya 1940. Ndege za Spitfire ndi Hurricane za Britain zinali ndi makabuleta a choyandama, ndipo woyendetsa akaweramitsa ndege mwadzidzidzi, petulo wa m'kambale ankakwera m'mwamba ndipo injini inkadukiza. Messerschmitt Bf 109 ya Germany inalibe vutoli chifukwa mafuta ake ankapoperedwa ndi pampu ya Bosch molunjika m'masilinda. Amene anapeza njira yongoyembekezera anali mayi wina injiniya wa ku Farnborough, Beatrice Shilling, amenenso ankathamangitsa njinga yamoto ya Norton pa bwalo la Brooklands. Iye anaika kachitsulo ka bowo loyezedwa m'paipi ya mafuta, ndipo mu 1941 ankayenda m'mabwalo a ndege kukakaika. Galimoto yampikisano pa kona yakuthwa imakumana ndi vuto lofananalo, popeza petulo wa m'kambale amathawira mbali imodzi.

Nkhondo itatha, Stuart Hilborn, mmodzi wa anyamata a pa nyanja zouma zija, anachotseratu kambale ndi choyandama. Pa makina ake, pampu yoyendetsedwa ndi injini inkatumiza mafuta mosalekeza ku timabowo ta pakhomo pa silinda iliyonse, ndipo otsala ankabwerera ku thanki kudzera pa kajeti kamodzi. Kajetiko kakakula, mafuta ambiri ankabwerera ndipo injini inkalandira ochepa. Kakachepa, inkalandira ambiri. Mu 1948 galimoto yake inapyola mamailosi 150 pa ola pa nyanja youma ya El Mirage, ndipo mu 1953 ndi 1954 Bill Vukovich anapambana mpikisano wa Indianapolis 500 ndi galimoto yotchedwa Fuel Injection Special. Makina a Hilborn ankagwira bwino ntchito pa injini yothamanga moto wonse nthawi zonse, makamaka ya methanol, amene amapsa ndi makilogalamu 6.4 okha a mpweya pa kilogalamu ndipo savuta akachulukirako. Pa msewu wa m'tauni anali chizunzo.

Ku Ulaya mapampu oyeza mafuta mosamala anafika pa Mercedes-Benz 300SL mu 1954, kenaka pa Jaguar D-type imene inapambana ku Le Mans mu 1957 ndi makina a Lucas. Injini ya Cosworth DFV ya Keith Duckworth, ya malita 3 ndi ma horsepower oposa 400, inapambana pa mpikisano wake woyamba wa Formula One ku Zandvoort mu 1967 Jim Clark ali pachiwongolero, ndipo inadzapambana mipikisano 155. Nayo inali ndi makina a Lucas. Komabe tisakokomeze kusiyana kwake. BMW 2002 ti, ya makabuleta awiri a Solex, inkatulutsa ma horsepower 120. 2002 tii, ya pampu ya Kugelfischer, inkatulutsa 130. Khumi si zochepa, koma si chozizwitsa, ndipo pampu yotere mmisiri wamba sakanatha kuisintha, chifukwa muyezo wa mafuta unali wosemedwa pa kachitsulo ka m'kati mwake. Munthu woika camshaft yatsopano pa galimoto yotere nthawi zambiri ankachotsa pampuyo n'kubwerera ku ma Weber.

Chimene chinagonjetsa kabuleta si mpikisano ayi, koma utsi ndi lamulo. Bendix inayesa kuyendetsa mainjekita ndi magetsi mu 1957, ndipo Chrysler inaika makinawo pa magalimoto osafika ngakhale 50 mu 1958. Anavuta kwambiri moti pafupifupi onse anawabwezeretsa makabuleta. Bosch inatenga nzeruyo n'kuikonza, ndipo D-Jetronic inatuluka pa Volkswagen 1600 mu 1967. Kenaka dziko la America linakhwimitsa lamulo la mpweya wabwino mu 1970, zosefera utsi za mu ekizozi zinafala kuyambira 1975, ndipo zosefera zamakono zimagwira ntchito pokhapokha muyezo ukamakhala pafupi kwambiri ndi 14.7. Palibe jeti ya mkuwa imene ingasunge muyezo wotero m'mawa kukuzizira ndi masana kukutentha, pachitunda ndi potsetsereka. Mu 1976 Volvo inaika mu ekizozi sensa ya Bosch yonunkhiza okosijeni wotsala mu utsi n'kuuza kompyuta kuti iwonjezere kapena ichepetse mafuta, ndipo mu 1979 Motronic ya pa BMW 732i inaphatikiza mafuta ndi nthawi yothetheka pulagi m'kompyuta imodzi.

Kwa anthu osintha magalimoto, zaka zimenezi zinali zowawa. Kompyuta inali bokosi lomata limene sakanatha kulitsekula, ndipo makina ngati L-Jetronic ankayeza mpweya ndi kachitseko kokankhidwa ndi mpweya womwewo, kamene kankaima pa njira ngati chopinga. N'zosadabwitsa kuti ku South Africa, kumene makampani ankapanga magalimoto apadera ochepa kuti aloledwe pa mpikisano wa magalimoto a mumsewu, ena anabwerera m'mbuyo dala. Alfa Romeo GTV6 ya ku Ulaya inali ya malita 2.5 ndi mainjekita a Bosch, koma GTV6 ya malita 3 imene anapanga ku South Africa kuyambira 1983, magalimoto pafupifupi 200, inali ndi makabuleta 6 a Dell'Orto, imodzi pa silinda iliyonse. Ford Sierra XR8 ya 1984, nayonso ya kumeneko kokha, inali ndi V8 ya malita 5 ndi Holley ya makosi anayi. Koma pofika 1990 zinthu zinali zitatembenuka. Opel Kadett Superboss, imene Mike Briggs ankalimbana nayo ndi BMW 325iS ya Tony Viana, inatulutsa makilowati 125 kuchokera m'malita 2 popanda turbo, ndipo pamwamba pa ma camshaft a Schrick ndi mutu wosalazidwa, chinsinsi china chinali pulogalamu yatsopano m'kompyuta yake. Bokosi lija linali litatsekuka.

Dziko la South Africa linali ndi chifukwa chinanso chophunzirira luso limeneli mozama. Johannesburg ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,750 kuchokera pa nyanja yamchere, kumene mpweya ndi wopepuka moti injini yopanda turbo imataya pafupifupi gawo limodzi mwa magawo 6 a mphamvu zake. Kabuleta siizindikira bwino kusinthaku: imapitiriza kukoka petulo wochulukirapo kuposa mpweya umene ulipo, choncho galimoto yokonzedwa ku Durban imafika pa bwalo la mpikisano la Kyalami, pafupi ndi Johannesburg, ikutulutsa utsi wakuda, ndipo yokonzedwa ku Johannesburg ikatsikira kunyanja imachepekedwa mafuta n'kuyamba kugogoda. Majeti ankasinthidwa malinga ndi bwalo. Kompyuta yoyeza kupanikizika kwa mpweya imadzikonza yokha, ndipo si mwangozi kuti Unichip, kabokosi kolumikiza pakati pa masensa ndi kompyuta ya fakitale, inachokera ku kampani ya Dastek ya ku Pretoria. Ngakhale zinali choncho, Nissan 1400, kabakki kamene anyamata ambiri kumeneko anaphunzirirapo kuika ma Weber awiri, inapitiriza kupangidwa ndi kabuleta mpaka 2008.

Anthu a ku Japan ndiwo anaonetsa pamene injini yaing'ono yopanda turbo ingafike ikakhala ndi kompyuta yabwino. Injini ya Honda B16A ya 1989 inatulutsa ma horsepower 160 kuchokera m'malita 1.6, chifukwa VTEC inathetsa mkangano wa camshaft poika mitundu iwiri pa chitsulo chimodzi, wofatsa wa pansi ndi waukali wa pamwamba. S2000 ya 1999 inafika pa 250 ndi malita 2, ikuzungulira mpaka ka 9,000. Toyota inatenga injini yake ya 4A-GE ya 1983 n'kuipatsa mavalavu 20 ndi makosi anayi mu 1991, kutanthauza kuti nzeru ya Weber ya khosi limodzi pa silinda inabweranso, koma tsopano mafuta akuchokera ku mainjekita. Apa ndi pamene chilema cha 1893 chinathera. Popeza mafuta sakudaliranso kukoka kwa mpweya, khosi likhoza kukula popanda galimoto kutsokomola pansi.

Zida ziwiri ndi zimene zinapereka luso latsopanoli kwa anthu wamba. Choyamba ndi kompyuta yolembeka. Haltech ndi MoTeC za ku Australia zinayamba chakumapeto kwa zaka za m'ma 1980, koma zinali zodula. Mu 2001 Bruce Bowling ndi Al Grippo ku America anatulutsa MegaSquirt, yomwe munthu ankagula zidutswa n'kulumikiza yekha patebulo. Chachiwiri, chimene ine ndimaona kuti n'chachikulu koposa, ndi sensa ya okosijeni yowerenga muyezo wonse. Sensa yakale inkangodziwa kunena kuti mafuta apyola kapena sanafike pa 14.7. Koma injini imatulutsa mphamvu zambiri mafuta akachulukirako pang'ono, cha pakati pa 12.5 ndi 13, ndipo kumeneko sensa yakale inali yakhungu. Yatsopanoyi, imene inayamba kuoneka pa magalimoto a Honda kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990, itatsika mtengo, zimene mmisiri wakale ankalota poyang'ana mtundu wa pulagi zinayamba kuoneka ngati nambala pa sikirini. Chodabwitsa n'chakuti amene anapindula kwambiri ndi eni makabuleta omwe, chifukwa tsopano amasankha majeti akuona chimene akuchita.

Ntchito ya mmisiri wa lero ndi kudzaza matebulo. Galimoto imamangidwa pa makina a dyno, mawilo akuzungulira pa zogudubuza, ndipo pa laputopu pali bokosi la liwiro lililonse ndi kulemedwa kulikonse kwa injini, limodzi la mafuta, lina la nthawi yothetheka pulagi. Tebulo lachiwirili ndi limene limapha injini zambiri. Moto ukayatsidwa msanga mphamvu zimakwera, mpaka pamene zimasiya kukwera. Ukapitirira pamenepo, kapena petulo akakhala wa octane yotsika, mafuta otsala amaphulika okha ndipo kugogodako kumaboola pisitoni. Masamu a mafuta nawo ndi osabisika. Injini ya masilinda anayi yofuna ma horsepower 200 imafuna mainjekita otulutsa pafupifupi 330 cc pa miniti iliyonse, kuti asamatsekuke kopitirira magawo 80 pa 100 a nthawi. Kukweza mphamvu ya pampu kuchoka pa 3 bar kufika pa 4 kumangowonjezera mafuta ndi magawo 15 pa 100, osati 33. Ndipo mainjekita akuluakulu pa injini imene mpweya wake sunasinthe sawonjezera kanthu koma kuwononga petulo ndi kutsuka oilo pa makoma a masilinda. Pa galimoto ya turbo, kusintha pulogalamu kokha kumabweretsa mphamvu zambiri chifukwa kompyuta imalamulanso mpweya. Pa yopanda turbo imene sanaikhudze m'kati, phindu lake ndi laling'ono, ndipo wolonjeza zambiri akugulitsa mawu.

Kabuleta inafa mochedwa. NASCAR, mpikisano waukulu wa ma V8 ku America, inaisiya pa gawo lake lapamwamba mu 2012, patapita zaka pafupifupi 20 kuchokera pamene magalimoto atsopano a m'dzikolo analeka kutuluka nayo.

Kuno ku Malawi, mbiri imeneyi imatikhudza m'njira ziwiri zimene mabuku a ku Ulaya satchula. Yoyamba ndi petulo wathu. Kuyambira 1982, pamene fakitale ya Ethanol Company inayamba ntchito ku Dwangwa, petulo wa m'dziko muno amasakanizidwa ndi ethanol wochokera ku nzimbe, ndipo PressCane ya ku Chikwawa inawonjezera mu 2004. Ethanol amapsa ndi makilogalamu 9 okha a mpweya, choncho petulo wokhala ndi magawo 10 pa 100 a ethanol amafuna muyezo wa pafupifupi 14.1, ndipo wa magawo 20 amafuna cha m'ma 13.5. Galimoto ya kompyuta ndi sensa yamoyo imadzikonza ikamayenda wamba, koma kabuleta yoikidwa majeti a m'buku la ku Britain imalandira mafuta ochepa kuposa ofunika, ngakhale kuti ethanol amathandiza kuchepetsa kugogoda. Yachiwiri ndi mapiri athu. Lilongwe ili pa mamita opitirira pang'ono 1,000, kumene injini yataya kale pafupifupi gawo limodzi mwa magawo 10 a mphamvu zake, Dedza ili pamwamba kuposa pamenepo, pomwe Nsanje ili pansi kwambiri. Majeti ochepetsedwa ku Dedza kuti galimoto isamadye mafuta akhoza kuwotcha mavalavu ku Chigwa cha Shire mu Okutobala.

Magalimoto ambiri amene tikuitanitsa ku Japan masiku ano ndi a mainjekita, ndipo vuto lawo ndi lina. M'magalaja ambiri muli chizolowezi chochotsa thermostat poganiza kuti dziko lathu ndi lotentha. Injini ikamayenda yozizira, kompyuta imaganiza kuti kukadali m'mawa ndipo imapitiriza kuthira mafuta ochuluka. Chimodzimodzinso sensa ya okosijeni ikafa kapena ikadulidwa pochotsa chosefera utsi. Mwini galimoto amadandaula kuti ikumwa petulo ndipo yafooka, kenaka amakagula sefa ya mpweya yofiira ndi ekizozi yaphokoso. Inu amene mukufuna kuti Corolla kapena Civic yanu ithamange, musanagule camshaft, makosi anayi kapena kompyuta yatsopano, bwezeretsani thermostat, yezetsani mphamvu ya pampu ya mafuta, ndipo funsani makaniko wanu ngati ali ndi sensa yowerenga muyezo wa mpweya ndi mafuta galimoto ikuthamanga. Ngati alibe, asakhudze majeti kapena matebulo a galimoto yanu.